Mdzukulu wa ku Pamodzi ndi Mbiri ya Eni Nthaka

Ndi midzi yowerengeka m'cigawo ca kum'mawa imene ilibe mwana kapena mdzukulu ku Migodi. Ena anapita kalekale, pa nthawi ya atsamunda, kukakumba mkuwa kuti apeze ndalama ya msonkho. Ena anatsata nchito ya njanji ndi ya m'mafakitale a ku Ndola ufulu utabwera, ndipo anabala ana kumeneko, anawo nabalanso ao. Mu mzinda wa Ndola, kumbali ya Chifubu, muli komboni yochedwa Pamodzi. Dzinalo ndi la Cinyanja, koma cilankhulo cimene cimveka pamsika ndi m'mabasi ndi Cibemba, pomwe nthaka imene nyumbazo zinamangidwapo ndi ya Alamba. Mwana wa zaka 15 wobadwira kumeneko, amene agogo ake ali ku Katete kapena ku Chadiza, ali ndi mbiri zitatu zoti adziwe: ya dziko la Zambia, ya kumudzi kumene kunacokera makolo ake, ndi ya anthu amene anali pamalopo mzinda usanamangidwe. Pa zitatuzi sukulu impatsa mokwanira yoyamba yokhayo, ndipo masiku amene zitseko za sukulu zitsekedwa, maphunziro nayamba kudzera pa wailesi ndi pa lamya, ziwiri zinazo zisoweratu wozinena.

Kutsekedwa kwa sukulu si nkhani yongoganizira ai. Pa 20 March, 2020, boma linatseka sukulu zonse m'dziko muno kaamba ka mliri wa Covid-19. Ana olemba mayeso a giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 June, koma anzao onse anakhala pakhomo kufikira pa 21 September, ndiyo miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. M'caka ca 2021 sukulu zinatsekedwanso m'nyengo yozizira, ndipo mu 2024 matenda a kolera anacititsa kuti temu yoyamba, imene ikadayamba pa 8 January, iyambe pa 12 February. Cakudza siciyimba ng'oma, ndipo palibe kholo limene lingalumbire kuti zotere sizidzaonekanso. M'caka coyamba cija Unduna wa Zamaphunziro unatsegula njira ya maphunziro pa wailesi ya kanema ya ZNBC, nuikanso maphunziro ena pamodzi ndi mafunso a mayeso akale pa intaneti, kuti ana aziwapeza pa lamya ya m'manja.

Komatu kuphunzira mphunzitsi ali kutali sikunayambe ndi mliriwo, ndipo cigawo ca Migodi cili ndi mbali yaikulu m'mbiri yake. Mu 1964, caka ca ufulu, ku Evelyn Hone College mu Lusaka kunatsegulidwa gawo lophunzitsa anthu pa makalata. Pambuyo pake linasamukira ku Luanshya, makilomita ngati 30 kucokera ku Ndola, ndi kuchedwa National Correspondence College. Lero lidziwika ndi dzina lakuti Zambia College of Distance Education. Akalaliki, apolisi, asilikali ndi acinyamata amene anasowa malo ku sekondale anali kulandira mapepala a maphunziro pa positi, kuyankha mafunso usiku pa nyali ya palafini, ndi kutumiza mayankho ao ku Luanshya kuti akacongedwe. Wailesi ya kanema yoyamba m'dziko muno inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo ndi ku Kitwe komweko kumene boma linakhazikitsa nyumba yokonzera maphunziro a sukulu a pa kanema. M'caka ca 2000 kunabwera pulogramu ya pa wailesi ya Learning at Taonga Market, yophunzitsa ana aang'ono amene analibe sukulu pafupi, mothandizidwa ndi munthu mmodzi wa m'mudzi momwemo amene anali kukhala nao pamene wailesi ilankhula.

Njira zonsezi zili ndi khalidwe limodzi. Phunziro likonzedwa pamalo amodzi kuti likamveke mofanana ku Mongu, ku Mbala, ku Lundazi ndi ku Ndola. Pa masamu palibe cobvuta, pakuti 7 kuculukitsa ndi 8 ndi 56 kulikonse kumene mwana akhala. Mbiri yakale siitero. Mphunzitsi wa pa wailesi, polankhula kwa ana a zigawo zonse 10 nthawi imodzi, asankha zokhazo zimene onse adzafunsidwa pa mayeso, ndipo sangaime kuti auze mwana wa ku Pamodzi za mtsinje umene uyenda kuseri kwa nyumba yao.

Kwa zaka zambiri msana wa phunzirolo unali uwu: kusamuka kwa mitundu kucokera ku maufumu a Aluba ndi Alunda, maufumu a Undi, Kazembe, Chitimukulu ndi Litunga, kubwera kwa Angoni ndi Akololo, amishoni, kampani ya Rhodes, boma la Citaganya ndi kumenyera ufulu, kenaka Bismarck, nkhondo ziwiri zazikulu za dziko lonse ndi League of Nations. Kuyambira mu 2014 mbiri yakale m'magiredi 8 ndi 9 inaphatikizidwa ndi maphunziro ena awiri kukhala Social Studies, ndipo m'magiredi 10 mpaka 12 History sinali ya ana onse. Mu 2025 boma linayamba ndondomeko yatsopano imene yabwezeretsa mafomu aja amene agogo ambiri awakumbukira. Palibe wanzeru amene angati mitu ija ndi yacabe. Mwana wa Zambia ayenera kudziwa momwe dziko lake linabadwira pa 24 October, 1964, ndipo m'dziko la mitundu 73 mbiri imodzi yogwirizanitsa onse ndi cinthu ca mtengo wake. Koma mndandanda wotere ukonda mafumu aakulu okhala ndi mikondo yambiri. Mitundu imene inali kukhala m'midzi ing'onoing'ono pansi pa mafumu angapo, monga Alamba, Asoli ndi Alenje, ikhala kumbuyo kwa bwalo.

Tsono taonani zimene mwana wa ku Pamodzi angaphunzire osakwera basi ya kutali. Dzina lakuti Ndola licokera ku kamtsinje ka Kandola, kamene kathira mu Kafubu. Boma la atsamunda linakhazikitsidwa pamenepo mu 1904 ndi John Edward Stephenson, mzungu amene anthu anamucha Chirupula kaamba ka kukwapula kwake. Iye asanafike, malowo anali pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo. Mu mseu wa Makoli, dzina limene wolankhula Cinyanja amva msanga kuti ndi magoli aja omangira anthu m'khosi, ndimo mudziwika malo a mtengo waukulu umene pamthunzi pake amalonda ochedwa Aswahili anali kukumana ndi kugulitsana anthu. Mtsogoleri wao kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anali Chiwala, wocokera kum'mawa, ndipo ufumu wa dzina limenelo ulipo kufikira lero m'boma la Masaiti. Apa mphunzitsi aona yekha kuti mbiri ya pafupi iterera koposa ya Bismarck, pakuti m'kalasi limodzi mungakhale mdzukulu wa wogulitsa ndi mdzukulu wa wogulitsidwa, onse awiri ana a Zambia, akudyera cinangwa m'pepala limodzi pa nthawi yopuma. Nkhani yotere ifuna munthu woidziwa bwino ndi lilime lodekha, koma kuterera kwake si cifukwa coibisira ana a msinkhu wa zaka 15.

Za mkuwa mabuku ambiri anena kuti William Collier anaupeza mu 1902, pamene anaombera cilembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, nyamayo nigwera pa mwala wobiriwira, ndipo ndico cifukwa cake mgodiwo unachedwa Roan Antelope. Nkhaniyo ikoma m'khutu, ndipo ana aiwala zina zonse koma iyo yokha. Koma ku Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola pomwepo, azungu anapeza maenje amene anthu akuda anali atakumba kale. Ndipo ku Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene Lusitu athira mu Zambezi, manda ofukulidwa mu 1960 anali ndi mitanda ya mkuwa ndi waya wa mkuwa za zaka mazana angapo Collier asanabadwe. Kuli kobvuta kunena kuti mlendo anapeza cinthu cimene eni ake anali kucisungunula m'ng'anjo ndi kucita naco malonda. Ngakhale dzina la mgodi wa Nkana, umene pambali pake panamangidwa tauni ya Kitwe mu 1936, ndi dzina la mfumu ya Alamba.

Alambawo, monga Acewa, atsata mtundu wa kucikazi: mwana ndi wa mbumba ya mai wake, ndipo ufumu upita kwa mwana wa mlongo. Mwambo wao usimba za Chipimpi, mfumu yoyamba, amene anafika ndi moto ndi mbeu zolima, ndiponso za Kabunda amene anamupha ndi kutenga ufumuwo. Usimbanso kuti anthu a mtundu wa Mbuzi, powawidwa mtima ndi zimenezi, anadzimangirira pa cingwe cimodzi ndi kulowa m'nyanja ya Kashiba, imene ili m'boma la Mpongwe, koma munthu wotsiriza anadula cingweco, napulumutsa mai mmodzi amene mtunduwo unaphukiranso mwa iye. Kum'mawa kwa Ndola kuli nyanja ina yomira pansi pakati pa miyala, yochedwa Chilengwa na Lesa, ndiko kuti colengedwa ndi Leza. Zambiri za nkhani zimenezi zinalembedwa ndi Clement Doke, mmishoni amene anakhala ku Kafulafuta kuyambira mu 1914 kufikira mu 1921, ndi kusindikiza buku lake lonena za Alamba mu 1931. Ndi buku lothandiza, koma ndi la Cingerezi, lalikulu, ndipo silipezeka m'nyumba za ku Pamodzi.

Migodi itayamba kukula, m'zaka za 1928 ndi 1929, boma la atsamunda linadula malo osungirako anthu akuda, ndipo midzi ya Alamba inacotsedwa m'mbali mwa njanji ndi pafupi ndi migodi ndi kukankhidwira kutali. Mlimi wa ku Chipata sasowa womufotokozera kuwawa kwake, pakuti zomwezo zinacitika kwao m'zaka zomwezo, pamene kampani ya North Charterland inagwira nthaka yabwino, Angoni ndi Acewa napanikizidwa m'malo ocepa kufikira nthaka inaguga, mpaka boma linagula malo a kampaniyo mu 1941. Mbiri ziwirizi ndi mapasa. Mwana wa ku Pamodzi ali ndi phazi limodzi m'mbiri iyi ndi lina m'mbiri inayo, koma kawirikawiri sadziwa ngakhale imodzi.

Pali cinthu cina cosakoma kucinena, koma cifunika kuti akuluakulu a kum'mawa acimve. Alendo amene anadzaza makomboni a migodi, ocokera ku Luapula, ku Kasama, kum'mawa ndi ku Nyasaland, anayamba kupeputsa eni nthaka, kuwanena kuti ndi aulesi ndi otsalira, cifukwa ambiri a iwo sanakonde kulowa pansi pa mgodi koma anasankha kulima ndi kugulitsa zakudya kwa anchito omwewo. Katswiri wina, Brian Siegel, analemba za mnyozo umenewu mu 1989, ndipo anasonyeza kuti unakulira pamodzi ndi migodi. Cilamba sicili pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma liulutsira pa wailesi ndi kuphunzitsa m'sukulu, zomwe ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Motero mwana wa Mlamba aphunzira Cibemba pa nthaka ya makolo ake. Mnzake wa kum'mawa, amene aonera Nc'wala ya ku Mtenguleni ndi Kulamba kwa ku Mkaika pa kanema caka ndi caka, angakhale asanamvepo za Chabalankata, mwambo wa Mfumu Yaikulu Mushili, umene ucitika ulendo waufupi cabe kucokera pakhomo pao.

Alendowo nao ali ndi mbiri yao pamalopo. Mu May 1935 anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala nchito kaamba ka kukwezedwa kwa msonkho, ndipo asanu ndi mmodzi anaomberedwa ndi kufa ku Luanshya. Mu 1940 anthu 17 anafa ku Nkana pa kunyanyala kwina, ndipo mu 1949 kunabadwa bungwe la anchito a m'migodi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Ndi m'makomboni omwewo mmene cimbuya ca Abemba ndi a kum'mawa cinakulira, makamaka pa maliro, pamene anthu okhala kutali ndi kwao anali kuikirana akufa ao. Lero mwana wa ku Pamodzi adziwa bwino kuti iye ndi wodya mbewa ndipo mnzakeyo ndi wodya anyani, ndipo abwezera cipongweco mwaluso ndithu, koma mutamfunsa za nkhondo za Angoni ndi Abemba zimene zinabala ubale woseketsawo, angokuyang'anani.

Citsanzo coposa zonse ca kulemera kwa mau a anthu wamba cili kumadzulo kwa Ndola komweko. Usiku wa pa 17 kuca wa pa 18 September, 1961, ndege imene inanyamula Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, inagwa m'nkhalango makilomita oposa 10 kucokera mu mzindawo. Anali kudzakumana ndi Moïse Tshombe kuti akambirane za nkhondo ya ku Katanga. Anthu onse 16 a m'ndegemo anamwalira, mmodzi wa iwo atakhala masiku ocepa m'cipatala. Oocha makala amene anali m'chire usiku umenewo, pamodzi ndi anthu ena a m'komboni ya Twapia, anati anaona ndege ina yaing'ono pafupi ndi yaikuluyo, ndiponso moto m'mwamba isanagwe. Bungwe lofufuza la boma la Citaganya, m'lipoti lake la 1962, linapeputsa umboni wao, nilinena kuti oyendetsa ndegeyo ndiwo analakwitsa. Panapita zaka zoposa 50 kuti a United Nations atsegulenso nkhaniyo mu 2015, pansi pa woweruza wa ku Tanzania, Mohamed Chande Othman, amene anapeza kuti mau a mboni zija sanapatsidwe ulemu woyenera, ndi kuti nkotheka ndithu ndegeyo inaukiridwa. Apa mbiri ya dziko lonse lapansi, ya Zambia ndi ya komboni zikumana pa culu cimodzi, ndipo amene anasunga mbali yofunika kwa zaka zonsezo anali anthu amene ofufuza oyamba anawaona ngati osadziwa kanthu.

Nanga mbiri yotere ingafike bwanji kwa mwana pamene sukulu yatsekedwa? Kanema ifuna magetsi, ndipo mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba kotero kuti magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse m'matauni momwemo. Intaneti ifuna lamya yodula ndi bandulo, pomwe m'nyumba zambiri lamya yotere ndi imodzi, ndipo m'mamawa ipita kumsika ndi mai kapena kunchito ndi bambo. Cotsala ndi wailesi, imene yakhala m'nyumba za anthu wamba kuyambira pa kawailesi kaja kooneka ngati poto kamene kanafika mu 1949. Amene anali ndi makutu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akumbukira momwe mudzi unali kukhalira cete Julius Chongo akayamba nthano zake pa pulogramu ya Poceza M'madzulo. Munthu mmodzi, wopanda cithunzi ngakhale cimodzi, anali kugwira ana ndi akulu omwe kufikira nthano itatha. Ngati nkhani yopeka inakhoza kutero, kuli bwanji nkhani ya Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera Angoni pomenyana ndi azungu, naphedwa mu February 1898? Masiku ano nyumba za wailesi zaculuka. Ku Migodi kuli Radio Icengelo, ku Chipata kuli Radio Maria ndi Breeze FM, ku Lundazi kuli Chikaya, ndipo zimenezi zikhoza kucita cimene wailesi ya ku Lusaka singathe, ndico kulankhula za dera limodzi m'cilankhulo ca deralo, Cilamba comwe.

Pamwamba pa zonse, maphunziro akutali ali ndi mwai umodzi umene kalasi lilibe. Mwana ali pakhomo, pafupi ndi akuluakulu. Pa masamu ici ndi cosowa, cifukwa agogo sangathandize. Pa mbiri yakale ndi cuma. Monga momwe Taonga Market inafunira munthu wokhala ndi ana pambali pa wailesi, phunziro la mbiri lifuna nkhalamba. Mphunzitsi akatha kufotokoza za malo aja odulidwa mu 1928, sayenera kutsiriza ndi mafunso khumi oyankha inde kapena iai. Atume mwana kwa munthu wamkulu koposa onse amene angamfike, akamfunse kumene mudzi wao unali kale, amene anausamutsa, ndi kumene manda akale anatsalira. Mwanayo alembe zimene wamva, dzina la mudzi ndi tsiku limene anafunsa, atumize kwa mphunzitsi pa WhatsApp kapena asunge kope lake kufikira sukulu itatsegulidwa. Wa ku Pamodzi atumidwe pawiri: kwa agogo ake a kum'mawa, ndi kwa Mlamba wacikulire, amene sasowa m'chalichi kapena pamsika pamene amai ocokera kumidzi ya Masaiti agulitsa ndiwo ndi bowa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza awerengi a m'midzi. Kucokera ku Ndola kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 900, ndipo mdzukulu angathe zaka zisanu asanaponde kumudzi. Koma m'midzi yambiri muli lamya imene ikhoza kujambula mau ndi kuwatumiza, kaya ndi ya mphunzitsi, ya mlangizi wa zamalimidwe kapena ya mnyamata wa pagolosale. Kutero sikufuna kudziwa kulemba kapena kubvala magalasi. Cofunika ndi kudziwa conena. Mdzukulu sapindula ndi ulaliki wakuti kale kunali ulemu ndipo ana a lero ndi amwano, pakuti umenewo aumva kale kwa amake. Apindula ndi maina ndi malo: mfunda wa banja, kaya ndi Phiri, Banda, Mbewe, Jere kapena Tembo, amene anayamba mudzi ndi kumene anacokera, amene anapita ku Harare kapena ku Joni osabweranso, amene anagula khadi loyamba la cipani ndi cimene cinamuonekera. Mbiri si ya mafumu okha. Masiku ogulitsa cimanga ku Namboard, usiku umene anthu a m'malire a ku Chadiza ndi Katete anali kugona m'chire poopa zigawenga za Renamo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, othawa nkhondo a ku Mozambique amene anasungidwa ku Ukwimi, cimanga cacikasu ca cilala ca 1992, zonsezi ndi mbiri ya Zambia, ndipo amene anaziona ndi maso akali m'midzi. Mdzukuluyo akayankha m'Cibemba kapena m'Cinyanja cophotoka ca m'tauni, asasekedwe, pakuti wosekedwa kamodzi safunsanso.

Mau a agogo, ngakhale akoma akagonera, si onse ofanana, ndipo mwana ayenera kuuzidwa zimenezi msanga. Mngoni asimba za kuoloka Zambezi mu November 1835, pansi pa Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo asimba monyadira. Mcewa ndi Mnsenga asimba za zaka zotsatira, za kuthawira m'mapiri ndi kumanga malinga, ndipo sasimba monyadira. Onse awiri anena zoona za makolo ao. Nchito ya mphunzitsi, angakhale ali kutali, ndi kuika nkhani ziwirizo pambali ndi pambali, pamodzi ndi zimene buku linena, ndi kuphunzitsa mwana kufunsa kuti wonenayo ndani, anamva kwa yani, ndipo cimene wasiya ndi ciani. Luso limeneli ndi lomwe ofufuza a 1962 analibe, kapena sanafune kuligwiritsa nchito.

Zilipo zina zimene siziyenera kukwera pa lamya. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo mau akatumizidwa kamodzi sabwezeka. Lero ali ku Pamodzi, mawa ali pa Facebook. Nkhalamba imene ikana kunena zotere pa makina siikana maphunziro. Gule Wamkulu analembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 pakati pa miyambo ya mtengo wapatali ya dziko lapansi popanda zinsinsi zake kuululidwa pabwalo, ndipo zimene zikhoza kunenedwa poyera ndi zokwanira kudzaza makope ambiri. Alamba nao ali ndi zao zosanena kwa mlendo, ndipo mwana wopita kukafunsa ayambe waphunzira kugwada, kupereka moni ndi kulandira yankho lakuti iai.

Cotsekereza cacikulu cili pa mayeso. Mwana wa sekondale, pamodzi ndi makolo amene amgulira yunifomu ndi makope, awerengera cinthu ciliconse ndi mamalikisi, ndipo nchito imene a Examinations Council of Zambia saifunsa iikidwa pansi pa mphasa. Pa phunziro la Geography ana a giredi 12 anazolowera kale kulemba kafukufuku wa m'dera lao, wowerengedwa pa mayeso. Akuluakulu okonza ndondomeko ya maphunziro akadapatsa mbiri ya dera la mwana ulemu womwewo, makope ocokera ku Pamodzi, ku Twapia ndi ku Chifubu akadasonkhana caka ndi caka, ena abwino nawerengedwa pa wailesi, ena nasungidwa ku Copperbelt Museum, nyumba yosungiramo zakale imene ili pakati pa mzinda wa Ndola. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 usiku umene ndege ija inagwa anabadwa mu 1946, ndipo mtsikana wa msinkhu womwewo pa tsiku limene mbendera ya Zambia inakwezedwa koyamba anabadwa mu 1949.